Pakati pa Mphasa ndi Khasu

M'banja mwathu tilimo anthu awiri amene tili ndi chipsera chachitali pamimba, ine ndi amalume anga. Tidachitidwa opaleshoni m'chaka chimodzi, mosiyana miyezi inayi yokha. Ine madokotala adandichotsa zotupa za m'chiberekero, pamene amalume adathamangira nawo kuchipatala usiku matumbo awo atapotana. Tonse tidatuluka m'chipatala tili moyo, ndipo timathokoza. Koma pa nkhani ya kuchira tonse tidalakwitsa, aliyense mwa njira yake, ndipo zolakwa zathu ziwirizo ndi zimene ndafuna tikambirane m'kope lino.

Ndiyambe ndi ine ndemwe. Nditafika kunyumba, amayi adabwera kuchokera kumudzi kudzandisamalira, ndipo lamulo lawo lidali limodzi: "Usadzuke mwanawe, posokapo pangamasuke." M'mawa ankandipatsa phala lothira shuga ndi majarini, masana nsima mitanda itatu, madzulo thobwa. Odzandizonda nawo sankabwera chimanjamanja, wina mandasi, wina buledi, wina mabotolo a zakumwa zotsekemera. Ndidakhala chogona ndi chokhala pafupifupi miyezi itatu, ndipo nditabwerera kuntchito ndidangosintha bedi ndi mpando wa pakompyuta. Patatha miyezi 6 sikelo idaonetsa kuti ndawonjezera makilogalamu 11. Masitepe ochepa a kuofesi ndinkawamaliza ndili wefuwefu, ndipo namwino atandiyeza adati magazi anga ayamba kuthamanga. Chodabwitsa n'chakuti aliyense wokumana nane ankandiyamikira kuti, "Koma ndiye mwanenepa, mwachiradi tsopano."

Amalume adachita zosemphana ndi zimenezi. Opaleshoni yawo idachitika mu Novembala, mvula yobzalira itangoyamba kumene. Patatha masabata 4 feteleza adafika, panalibe wowanyamulira, ndipo adakweza okha thumba la makilogalamu 50 panjinga. Nditawadzudzula pa lamya adandiyankha kuti, "Mphwanga, chimanga sichidikira wodwala." Adapalira, adabandira, ndipo pofika nthawi yokolola panali patatuluka chotupa chonga chibakera pambali pa chipsera chija, chimene chinkakula akamatsokomola kapena akaimirira nthawi yaitali. Kuchipatala adawauza kuti mnofu wa m'kati udang'ambika posokapo, matumbo n'kuyamba kutulukira pansi pa khungu, vuto limene madokotala amalitcha hernia. Padafunika opaleshoni yachiwiri. Pofuna kupulumutsa ulimi wa chaka chimodzi, amalume adaluza ntchito yolemetsa ya chaka chotsatira chonse.

Chimene chidawanyenga amalume ndi khungu. Khungu limatsekeka msanga, ndipo nthawi zambiri ulusi amauchotsa pasanathe masabata 2. Munthu akaona pauma amati basi ndachira. Komatu pansi pa khungu pali mnofu wolimba umene umagwira mimba yonse, ndipo umenewo umalumikizana mochedwa kwambiri. Pakatha masabata 3, malo osokedwawo amakhala atapeza pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 5 a mphamvu zake. Pakatha miyezi 3 ndi pamene amafika pafupifupi magawo 4 mwa 5, ndipo sabwereranso mwakale kotheratu. N'chifukwa chake madokotala amaletsa kunyamula zolemera kwa masabata osachepera 6 munthu akang'ambidwa pamimba, ndipo kwa ena amawonjezera nthawiyo. Tsono taganizirani kuti ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20 madzi okha. Mayi amene wabereka pa opaleshoni amalangizidwa kuti asanyamule chinthu cholemera kuposa khanda lakelo, koma m'midzi mwathu timamuona ali pamjigo sabata lachitatu, ndowa pamutu, ndipo nthawi zina mwana wamkulu wa zaka ziwiri ali kumsana.

Amayi anga nawo, ngakhale ankachita zonse mwachikondi, adanyengedwa ndi chikhulupiriro chakale chakuti wodwala amachirira pamphasa. Mu 1966, mumzinda wa Dallas ku America, akatswiri adagoneka pabedi anyamata 5 athanzi a zaka 20 kwa masabata 3, osawalola kudzuka. Adawayeza mphamvu ya mtima ndi mapapo asanagone ndi atadzuka. Patatha zaka 30, mu 1996, adawaitananso anthu omwewo ali abambo a zaka 50 n'kuwayezanso. Adapeza kuti masabata 3 ogona aja adawafooketsa kwambiri kuposa mmene zaka 30 za kukula zidawafooketsera. Mbali yolimbikitsa ya nkhaniyi ndi yakuti anyamatawo atadzuka adachita masewera olimbitsa thupi kwa pafupifupi miyezi 2, ndipo mphamvu zawo zidabwerera. Ngati kugona kumatero ndi mnyamata wopanda chilonda, nanga kuli bwanji ndi mayi wa zaka 45 amene wataya magazi pa opaleshoni?

Kugona nthawi yaitali kuli ndi zoopsa zina zimene sizidikira miyezi. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma cha magaziwo chikayenda n'kukafika m'mapapo chimapha munthu mwadzidzidzi. Mapapo amene sakupuma mozama amagwidwa chibayo mosavuta. Matumbo nawo amachita ulesi, munthu n'kudzimbidwa, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka chilonda chomwe tikuchitetezacho. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa opaleshoni wa ku Denmark, Henrik Kehlet, adaonetsa kuti odwala amene athandizidwa bwino pa ululu, n'kudzutsidwa ndi kupatsidwa chakudya msanga, amachira mofulumira, kotero kuti ena ochitidwa opaleshoni ya matumbo ankatuluka m'chipatala patangotha masiku 2 kapena 3. Choncho namwino akamamuumiriza wodwala wanu kuti atsike pabedi tsiku lotsatira opaleshoni, musamuone ngati wankhanza.

Kuno ku Africa masiku otsatira opaleshoni ndi oopsa kale. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, wokhudza odwala 11,422 m'mayiko 25 a mu Africa, adapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa 5 aliwonse adakumana ndi vuto lina opaleshoni itatha, ndipo pafupifupi opaleshoni imodzi mwa 3 zilizonse idali yobereketsa amayi. Kafukufukuyo adawatsatira odwalawo adakali m'chipatala. Akatuluka pachipata, udindo umagwera achibale, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka a m'midzi, ndiye kuti inu amene mukuwerenga tsambali.

Nanga pakati pa mphasa ya amayi ndi khasu la amalume pali chiyani? Pali kuyenda pansi, basi. Tikamva zoti masewera olimbitsa thupi ambiri timaganiza za anthu a m'tauni ovala nsapato zodula, onyamula zitsulo m'nyumba zolipiritsa. Munthu wochokera ku opaleshoni safuna zimenezo. M'sabata loyamba akhoza kuyenda mphindi 5 zokha, kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe n'kubwerera, katatu kapena kanayi pa tsiku. Podzuka pogona ayambe wagudubukira cham'mbali, atsitse miyendo, kenaka adzikankhe ndi manja, osadzuka chagada pogwiritsa ntchito mimba. Akafuna kutsokomola kapena kuyetsemula atsamize chitenje chopinda pachilondapo. Ali chigonere azigwedeza mapazi ndi kupuma mozama kangapo pa ola. Sabata lililonse awonjezere mphindi zingapo, mpaka pofika sabata la 6 azitha kuyenda theka la ola osapumira. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati ululu wakula kapena kutopa kwafika mpaka tsiku lotsatira, wapitirira malire, abwerere pa mtunda wa dzana. Pang'onopang'ono ndi mtolo, adatero akuluakulu.

Apa ndichenjezepo. Zimene ndikulongosolazi zikukhudza kwambiri opaleshoni ya pamimba, imene ndi yofala kwathu kuno. Wochitidwa opaleshoni ya fupa, ya msana, ya mtima kapena ya diso ali ndi malamulo ake, ndipo mawu a dokotala amene adagwira mpeni amaposa mawu a wolemba nkhani wina aliyense. Vuto lathu ndi lakuti timachita manyazi kufunsa. Tsiku lotuluka m'chipatala funsani mosapita m'mbali kuti khasu ndidzaligwire liti, ndowa ndidzasenze liti, njinga ndidzakwere liti, nanga za m'banja tidzayambirenso liti. Mukangofunsa kuti "ndidzachira liti" mudzayankhidwa mwachidule, chifukwa pamzere pali anthu enanso ambiri.

Alimi ena adzati, ife ntchito yathu ndi masewera kale. N'zoona, ndipo mlimi amalowa m'chipatala ali ndi thupi lolimba kuposa la ife a m'maofesi. Koma ntchito ya kumunda sidziwa pang'ono. Kugalauza nthaka youma, kusinja pamtondo, kuwaza nkhuni, kupalasa mpope wothirira kudimba, kukoka ng'ombe yokana goli, zonsezi zimafinya mimba mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu. Zimenezi zidikire mpaka dokotala atalola, ndipo akalola munthu ayambe ndi mizere yochepa m'mawa kukadali kozizira, osati ndime yonse. Madzi ayambe ndi kachigubu ka malita 5 asanafike pa ndowa. Pakadali pano pali ntchito zambiri zimene wodwala angagwire popanda kudzipweteka, monga kusankha mbewu, kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, kudyetsa nkhuku, ndi kuyendera munda kukaona ngati mbozi zalowa. Ndazindikira kuti abambo ambiri chimene chimawathamangitsira kumunda si njala yokha, komanso manyazi okhala pakhonde anzawo akudutsa ndi makasu. Mukawapatsa ntchito yopepuka imene ili yofunikadi, amaupeza mtima.

Kwa amayi amene abereka kapena achotsedwa chiberekero pali minofu ina yobisika, ya pansi pa chiuno, imene imagwira chikhodzodzo ndi chiberekero. Imalimbitsidwa poimanga ngati mukuletsa mkodzo kapena mpweya woipa, kugwira kwa masekondi angapo, n'kumasula, kubwereza kakhumi, katatu pa tsiku. Palibe amene angadziwe kuti mukuchita zimenezi, ngakhale muli m'tchalitchi. Zomanga mimba ndi chitenje zimathandiza ena kumva bwino poyenda, koma chitenje sichilimbitsa mnofu ndipo sichisungunula mafuta. Masewera ogona chagada n'kumadzuka mobwerezabwereza, amene atsikana amaonera pa lamya pofuna kuphwetsa mimba, si oyenera m'miyezi yoyambirira.

Tsopano nkhani ya kunenepa, imene ndi yovuta kuikamba kwathu kuno. Tidakulira m'nyengo imene kuwonda kunkachititsa anthu kunong'onezana, maka m'zaka zimene Edzi inkatenga abale athu mankhwala otalikitsa moyo asanafike. Munthu wochoka kuchipatala akanenepa, banja lonse limapuma, chifukwa anthu asiya kulankhula. Ine sindiwadzudzula amayi anga pa zimenezi. Koma thupi lathu lasintha pamodzi ndi zakudya zathu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo adapeza kuti mwa amayi a zaka 15 mpaka 49, olemera kupitirira muyeso adali 21 mwa 100 aliwonse ku Malawi mu 2015 ndi 2016, 23 mwa 100 ku Zambia mu 2013 ndi 2014, ndi 35 mwa 100 ku Zimbabwe mu 2015. Kwa munthu wa chipsera pamimba nkhaniyi ndi yaikulu koposa, popeza mafuta a m'mimba amakankha malo osokedwa aja usana ndi usiku, ndipo kunenepa ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimachititsa kuti pang'ambikenso. Pamwamba pa apo pali matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Sikelo siipezeka m'mudzi uliwonse, koma chingwe chilipo. Dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, kuchokera kumutu mpaka kuphazi, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, ndiye kuti mimba yaposa theka la msinkhu wanu ndipo mafuta achuluka. Njirayi siyoyenera mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene, koma kwa ena onse alangizi angaigwiritse ntchito pamsonkhano uliwonse popanda kugula kanthu.

Komabe masabata oyambirira si nthawi yodzimana chakudya. Chilonda chimamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, ndipo tili nazo: nyemba, nandolo, soya, nsinjiro, mazira, usipa, matemba, mkaka pamene ulipo. Masamba monga bonongwe, nkhwani ndi chisoso, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, mapapaya ndi malambe, zimathandiza magazi kubwerera ndiponso zimafewetsa m'mimba. Mayi woyamwitsa amafunika chakudya chowonjezera, ndipo asayerekeze kusala kudya pofuna kubwezeretsa chiuno. Kunena zoona, m'midzi yambiri vuto la wodwala ndi kuwonda ndi kuchepa kwa magazi, maka opaleshoni ikagwa m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Woteroyo afunika kudya mokwanira. Cholakwa cha kunyumba kwanga sichidali kuchuluka kwa ndiwo, koma shuga, mafuta ndi ufa woyera zimene zinkalowa m'thupi losayenda.

Chinthu china chimene ndidachiphunzira mochedwa ndi chakuti kuyenda kokha sikuchotsa makilogalamu ambiri. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni aang'ono 8, ndipo kuti thupi liwotche mphamvu imeneyo pamafunika kuyenda pafupifupi theka la ola. Munthu akhoza kuyenda m'mawa wonse n'kubweza zonse pa golosale imodzi. Kuyenda kumabwezeretsa mphamvu, kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, kumathandiza tulo, ndipo kumachotsa kukhumudwa kumene ambiri amakhala nako akachoka ku opaleshoni. Koma kulemera kumatsika mbale ikasintha. Malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa liwiro limene angathe kulankhula koma osatha kuimba, ndiponso azilimbitsa minofu masiku osachepera 2 pa sabata. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku 5. Wochira ku opaleshoni aziona chiwerengerochi ngati kumene akupita, osati poyambira.

Ine ndidayamba mwezi wachisanu ndi chiwiri, mochedwa kwambiri. Ndinkatsika minibasi masiteji awiri ndisanafike kuntchito. Mitanda ya nsima idachoka pa itatu kufika pa iwiri yaing'ono, ndiwo zamasamba n'kuchuluka, ndipo shuga wa mu tiyi adachoka pa masipuni atatu kufika pa imodzi. M'chaka chimodzi ndidataya makilogalamu 8 mwa 11 aja. Atatu otsalawo ndikuwadziwa kumene akuchokera, ndi kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi ofesi yathu, ndipo nkhondo imeneyo ikadalipo.

Kumudzi kuyenda kopanda katundu kuli ndi vuto lake. Mayi akangoyenda mumsewu wopanda ndowa, wopanda mtolo wa nkhuni, anthu amafunsana kuti akupita kuti ameneyu. Njira yozembera miseche ndi kuupatsa ulendowo chifukwa: kuperekeza ana kusukulu, kukaona dimba, kupita ku kwaya, kapena kuyenda awiriawiri ndi mnzake wa m'gulu la amayi.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ku Malawi, a magulu a uchembere wabwino ku Zambia, ndi anzathu ogwira ntchito yomweyi ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, pempho langa ndi ili. Mukamayendera munthu wochoka ku opaleshoni, musalekere pa kuona chilonda. Funsani kuti madzi akutunga ndani, akusinja ndani, kumunda kukupita ndani. Ngati yankho ndi lakuti "ndine ndemwe", malangizo anu onse agwera pamwala. Apa ndi pamene pafunika kukhala pansi ndi mwamuna wake, apongozi, a mpingo ndi a mfumu. Makolo athu adali ndi mwambo wolimirana munda wa mnzawo amene wagwa m'mavuto, ndipo magulu ambiri a banki mkhonde ali ndi thumba la zadzidzidzi limene lingalipire waganyu wopalira kwa masabata 6. Mtengo wa ganyu ameneyo ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wachiwiri wa kuchipatala. Ngati opaleshoni si yadzidzidzi, mlimi ali ndi ufulu wofunsa dokotala ngati ingachitike atakolola, kuti miyezi yochira igwe m'chilimwe. Dokotala akati singadikire, isadikire. Onaninso za utsi: fodya amachedwetsa chilonda kupola, ndipo khitchini yodzaza utsi wa nkhuni imatsokomoletsa munthu amene safunika kutsokomola.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira tsiku la sikelo kapena lobwerera kukaonedwa. Kutentha thupi, mafinya kapena fungo pachilonda, chilonda kutseguka, kutaya magazi ambiri, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, kusanza kosalekeza mimba itatupa, zonsezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Chotupa chonga cha amalume chikauma, n'kumapweteka, osabwereranso m'kati, ndiye kuti matumbo akanirira, ndipo imeneyo ndi ngozi yofuna galimoto usiku womwewo.

Amalume adachitidwa opaleshoni yachiwiri mu Juni, chimanga chili m'nkhokwe. Ulendo uno ana awo adagawana ntchito asanagonekedwe n'komwe, ndipo mdzukulu wawo wamkulu adapatsidwa udindo wobisa khasu. Nditapita kukawaona patatha masabata 5, ndidawapeza atatong'ola chimanga chodzaza madengu awiri ali pampando. Madzulo tidayenda limodzi mpaka kudambo, ulendo wa mphindi 20, iwo patsogolo ndi ndodo yawo. Pobwerera adaima pa munda wa mnansi wawo n'kuyamba kudandaula kuti mizere yake ndi yokhota. Kenaka adandifunsa ngati dokotala adatchulapo za kasikiri kakang'ono kodulira mapesi, poti iko sikalemera. Ndidawauza kuti akafunse okha Lachinayi, ndipo mdzukulu uja apite nawo kuti akamve yankho.